Khasu lobwereka: ana ndi zida zoimbira m'malire a Milange

Sukulu ikalandira mphatso ya gitala, nkhani yake imakonda kuyenda njira imodzi. Tsiku loyamba pamakhala nthungululu, mwana mmodzi amajambulidwa ataikolekera pakhosi, kenako gitalayo imalowa m'kabati ya mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Imatuluka pa 1 Juni, tsiku la ana, mwinanso pa 12 Okutobala, tsiku la aphunzitsi. Nsambo imodzi ikangoduka, ulendo wake wathera pomwepo. Palibe woipa mtima pankhaniyi. Mphunzitsi wamkulu anasainira katunduyo ndipo amadziwa kuti akawonongeka adzafunsidwa ndi iyeyo. Akuluakulu ananena kale kuti khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndiye amaona kuti kuli bwino likhale m'nyumba kusiyana ndi kuti likathyokere kumunda kwa eni.

Komabe m'maiko ambiri muli magulu a anthu ongodzipereka amene amachita zosiyana ndi zimenezi. Amasonkhanitsa zida zoimbira zimene eni ake anasiya kugwiritsa ntchito, amazikonza, n'kuzibwereketsa kwa ana kuti aziphunzirira, ena mpaka kupita nazo kunyumba. Ambiri amaganiza kuti nzeru imeneyi ndi yachilendo, yochokera kutsidya kwa nyanja. Mbiri ya dera la pakati pa phiri la Tumbine ndi phiri la Mulanje ikusonyeza kuti funso loti mwana agwire chida cha ndani, ndipo pa chilolezo cha yani, ndi lakale kuposa sukulu yeniyeniyo. Likufanananso kwambiri ndi funso limene aphunzitsi a makalasi a zinenero ziwiri amalimbana nalo tsiku ndi tsiku.

Sukulu isanabwere

Kumudzi mwana sankadikira kuti wina amupatse chida. Anyamata olondera anyani m'minda ya chimanga ankadula mathunthu awiri a nthochi, n'kuyalapo mitengo yosema yotalika mosiyanasiyana, ndipo limba linali latheka. Ayao amalitcha mangolongondo. Phokoso lake linkathamangitsa anyani, koma ankaphunziranso pomwepo kulowerana: wina akhala mbali iyi, mnzake mbali inayo, aliyense akumenya m'mipata imene mnzake wasiya. Atsikana anali ndi mkangala, uta wa bango umene amaugwira pakamwa. Zida zimenezi zinalibe mwini weniweni chifukwa zinalibe mtengo. Zikawonongeka, kudambo kunali bango lina.

Zinthu zinali zina pa bangwe, pa kaligo wa nsambo imodzi amene Alomwe amamutcha thakare, ndiponso pa ng'oma zikuluzikulu. Izi zinkafuna mmisiri, mtengo woyenera ndi chikopa chofufutidwa bwino, choncho zinali ndi eni. Mwana ankayamba ndi kukhala pafupi. Ankatumidwa kukatola mapesi owambira ng'oma, ankanyamula bangwe wa amalume ake popita kumowa, ndipo tsiku lina mwiniwake akatopa ankamuuza kuti tayesa. Kubwereka kunalipo ndithu, koma kunkachitika mwini ali pomwepo, ndipo wobwerekayo ankaphunzira kukonza asanaphunzire kuimba. Mnyamata wodziwa kuwamba ng'oma pamoto ndi kumata phula pakati pake sangaisiye pamvula. Mfundo yaing'ono imeneyi ndi imene mabungwe a ku Ulaya anadzaitulukira patapita zaka zambiri, atataya kale ndalama.

Panalinso ng'oma zimene mwana wamba sankazikhudza, monga za gule wamkulu, kufikira atalowa kumene amalowa. Choncho si bwino kunamizira kuti kale zonse zinali za aliyense.

Lipenga la boma

Chida choyamba cha chizungu chimene anthu ambiri a kuno anachiona chikubwereketsedwa chinali lipenga la asilikali. Mu 1918 nkhondo yoyamba ya dziko lonse inadutsa m'Zambezia mwenimweni. Gulu la Ajeremani lotsogoleredwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck linamenya nkhondo ku Namacurra kuchiyambi kwa Julayi, ndipo pa 30 ndi 31 Ogasiti linakumana ndi asilikali a King's African Rifles ku Lioma, m'dera la Gurue. Ambiri mwa asilikaliwo anali ochokera ku Nyasaland, ndipo kumbuyo kwawo kunali amtengatenga osawerengeka. Msilikali woimba lipenga ankapatsidwa chidacho monga momwe ankapatsidwira mfuti: anali wochisunga chabe, ndipo potuluka usilikali ankachibweza.

Chimene boma silikanatha kulanda ndi chimene chinalowa m'khutu. Obwerera kwawo anatenga zikho zazitali, n'kuboola, n'kumata pabowopo nembanemba ya chisa cha kangaude, ndipo anapeza lipenga lawolawo loimbira ndi mawu a pakhosi. Umu ndi mmene magule a malipenga ndi mganda anafalira m'mbali mwa nyanja, ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi kutsidya la Niassa, pamene beni anakhazikika pakati pa Ayao. Magule amenewa ali ndi maudindo a usilikali, yunifolomu ndi perete, koma nyimbo zake zili m'zinenero za eni ake. Wolemba mbiri Terence Ranger analemba buku lonse la beni mu 1975. Anthu atamanidwa chida chenicheni sanakhale pansi kudandaula. Anapanga chawo, ndipo chawocho chinakhala gule amene akuvinidwabe pamene mabandi a atsamunda aja anaiwalika.

Sukulu ziwiri, khomo limodzi lotseka

Malire a ku Muloza anagawa anthu a mtundu umodzi pakati pa maphunziro awiri. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Alomwe ambiri ankawoloka kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kukakhala m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene anakakumananso ndi thangata. Ana awo amene analowa sukulu za mishoni ya ku Scotland ankayamba kuwerenga m'Chinyanja. Nyimbo ankaziphunzira kudzera mu tonic sol-fa, njira ya do, re, mi imene John Curwen anaifalitsa ku England. Njirayi inakondedwa ndi amishoni pa chifukwa chimodzi chachikulu: siifuna chida chilichonse. Bolodi, choko ndi pakhosi n'zokwanira. Makwaya a m'derali amene amaimba mawu anayi popanda limba ndi zidzukulu za njira imeneyi.

Amene anatsala mbali ya Milange anapeza zina. Lamulo la Estatuto Missionário la 1941 linapereka maphunziro a ana a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika, ndipo linalamula kuti aziphunzitsidwa m'Chipwitikizi. Chinenero cha makolo chinkaloledwa pa katekisimu pokha. Phunziro la nyimbo linali canto coral, kuimba pamodzi nyimbo za tchalitchi ndi zotamanda Portugal. Ngati panali chida, chinali kalimba kopopa ndi mapazi ka m'tchalitchi, ndipo woimba anali wansembe, sisitere kapena mphunzitsi wokhulupirika.

Kusiyana kwa mbali ziwirizi n'kwakukulu, ndipo sikuyenera kuchepetsedwa. Koma pa nkhani ya ng'oma sukulu zonse ziwiri zinkagwirizana: inkatsala kunja kwa mpanda. Ku Milange mwana ankasiya pakhomo zinthu ziwiri nthawi imodzi, chinenero chake ndi nyimbo zake, n'kulowa m'kalasi ngati munthu amene sadziwa kanthu. M'matchalitchi a Katolika ng'oma inayamba kuloledwa pambuyo pa msonkhano wa Vatican wachiwiri umene unatha mu 1965. Kusukulu inachedwa kuposa pamenepo.

Chigubu cha mafuta ndi waya wa njinga

Pamene izi zinkachitika m'makalasi, kunja ana anali kalikiliki. Amuna obwera ku migodi ya ku Joni ndi ku Salisbury ankabwera ndi magitala, mabanjo ndi magalamafoni. Mwana amene bambo ake analibe zimenezi ankatenga chigubu cha mafuta, thabwa, chikopa cha mbuzi ndi timawaya ta buleki ya njinga, n'kupanga banjo. Mnzake ankapanga babatoni, chibanjo chachikulu cha nsambo imodzi, wina n'kusanja tizitsekerero ta mabotolo pawaya kuti tizichita phokoso. Mabandi otere analipo pafupifupi pamsika uliwonse wa kum'mwera kwa Malawi, ndipo m'tauni ya njinga ngati Milange waya wa buleki sunayambe wasowapo.

Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana mu mzinda wa Blantyre ndi anyamata awiri apachibale ochokera m'mudzi wa Singano ku Chileka. Daniel Kachamba, wobadwa mu 1947, ankaimba gitala, ndipo mng'ono wake Donald, wobadwa mu 1953, ankaimba kachitoliro kachitsulo. Nyimbo zawo zinali kwela, zimene anazimva banja lawo likukhala ku Salisbury, ndipo kwela weniweniyo anayambitsidwa ndi ana a m'misewu ya Johannesburg amene chida chokhacho chimene akanatha kugula chinali kachitoliro kotchipa. Donald anadzayenda maiko ambiri, ndipo mu 1999 anaitanidwa kukaphunzitsa nyimbo zake pa yunivesite ya UCLA ku America. Ku Thyolo kunali Allan Namoko, wosaona, woimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, amene ankasakaniza Chilomwe ndi Chichewa monga momwe anthu a m'malire amayankhulira. Palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene luso lake analitenga m'kalasi.

Apa pali msampha umene ambiri olemba za nyimbo za ku Africa amagweramo, wotamanda umphawi. Banjo ya chigubu ndi umboni wa nzeru, inde, koma mnyamata aliyense woimba banjo yotere ankalota gitala yeniyeni, ndipo ambiri analeka kuimba chifukwa sanaipeze. Mayina amene akukumbukiridwa ndi a ochepa amene anakumana ndi munthu wowatsegulira khomo.

Ufulu, kaundula ndi nkhondo

Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma latsopano linatembenuza nkhani ya ng'oma. Magule analowa m'mabwalo a sukulu ndi m'misonkhano, mu 1978 kunachitika chikondwerero cha magule cha dziko lonse, ndipo mu 1980 unduna wa maphunziro ndi chikhalidwe unasindikiza kaundula wa zida zoimbira za m'dzikoli. Chodabwitsa n'chakuti khomo linatsegukira ng'oma koma osati chinenero. Mwana ankatha kuvina gule wa kwawo pabwalo, belu likalira n'kulowa m'kalasi momwe Chipwitikizi chokha ndicho chinkaloledwa.

Kenako kunabwera nkhondo. Tauni ya Milange inagwa m'manja mwa Renamo mu 1986 ndipo boma linailandanso mu 1988. M'dziko lonse masukulu a pulayimale oposa theka anawonongedwa kapena kutsekedwa, ndipo Zambezia inali m'gulu la zigawo zovutika kwambiri. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Munthu wothawa usiku amanyamula mwana ndi mphika, sanyamula ng'oma, ndipo amisiri okalamba amene anamwalira m'zaka zimenezo anapita ndi luso lawo. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, obwerera anabwera ndi ana amene anakulira ku Mulanje akumvera wayilesi ya MBC. M'makutu mwa anawo munali nyimbo za ku Balaka.

Zimene zinachitika ku Balaka

Ngati pali malo apafupi amene kubwereketsa zida kwa achinyamata kunabala zipatso zooneka ndi maso, ndi pa parishi ya Katolika ya ku Balaka. Mu 1978 achinyamata a pamenepo anayambitsa gulu la Alleluya Band, ndipo amene anadzadziwika monga mtsogoleri wake ndi Paul Banda. Wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, bambo Mario Pacifici, anaima nawo ndi kuwathandiza kupeza zida. Palibe mnyamata wa ku Balaka wa nthawi imeneyo amene akanatha kugula gitala ya magetsi kapena zokuzira mawu ndi ndalama za m'thumba mwake. Zidazo zinali za gulu. Woimba ankazigwiritsa ntchito, akakula n'kupita kukayamba zake ankazisiya, ndipo wamng'ono amene ankanyamula mawaya dzana ankakhala pampando wake.

Mng'ono wa Paul, Lucius Banda, wobadwa mu 1970 m'mudzi wa Sosola, anayamba kuimba ndi mkulu wakeyo ali ndi zaka 13. Mu 1994 anatulutsa chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, kenako anayambitsa Zembani Band, ndipo pomwalira mu Juni 2024 anali mmodzi mwa oimba odziwika kwambiri m'mbiri ya Malawi. Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo anadutsanso mu Alleluya. Kaimbidwe kamene anthu amangokatcha ka ku Balaka kanalamulira makaseti a m'ma 1990, ndipo kankamveka m'misika ya mbali zonse ziwiri za malire.

Chinapangitsa kuti za ku Balaka zikhalitse n'chiyani, pamene magitala ambiri amphatso anafera m'makabati? Choyamba, zidazo zinali ndi ntchito. Gulu linkaimba m'tchalitchi, m'misonkhano ndi m'maulendo, choncho nsambo ikaduka panali chifukwa choigulira ina msanga. Panalinso nyumba yozisungira ndi munthu wamkulu woyankha mafunso. Koma chachikulu n'chakuti ophunzitsa anali achinyamata anzawo, ndipo ankaphunzitsana ndi kupeka nyimbo m'Chichewa. Mnyamata wa ku Sosola sanafunikire kudziwa Chingerezi kapena Chitaliyana kuti agwire gitala. Anaona zala za mkulu wake, anamva malangizo m'chinenero cha kunyumba, n'kuyesa. Ndi kachitidwe komwe kaja ka mwana wonyamula bangwe wa amalume, kungoti tsopano bangweyo anali wa magetsi.

Pali mbali ina yosakoma imene iyenera kunenedwa. Mayina otchuka a ku Balaka pafupifupi onse ndi a amuna. Pa mabandi ambiri a nthawi imeneyo mtsikana ankaima kumbuyo kuvomera nyimbo kapena kutsogolo kuvina, chida chili m'manja mwa mnyamata. Sukulu imene ingayambe kubwereketsa zida osaganizira zimenezi idzapeza kuti m'kaundula wake muli mayina a anyamata okhaokha.

Kuchokera ku Caracas kufika ku Maputo

Kunja kwa Africa dzina lotchuka pa nkhaniyi ndi El Sistema. Mu 1975 José Antonio Abreu anasonkhanitsa achinyamata 11 m'malo oimikamo magalimoto mu mzinda wa Caracas ku Venezuela, ndipo pakutha pa zaka makumi angapo ana mazana a zikwi ankaphunzira nyimbo kwaulere ndi zida zobwereka. Gustavo Dudamel, mmodzi mwa otsogolera magulu a oimba odziwika padziko lonse, anakulira m'menemo. M'malo ena ana aang'ono amayamba ndi vayolini ya mapepala, kuphunzira kuigwira ndi kuisamala asanapatsidwe yeniyeni. Si onse amene amayamikira. Mu 2014 wofufuza wa ku Britain, Geoffrey Baker, analemba buku lodzudzula El Sistema kuti imalamulira ana mwankhanza ndiponso imaika nyimbo za ku Ulaya pamwamba pa za eni dziko. Mphunzitsi aliyense amene anamvapo mbiri ya canto coral angamvetse dandaulo limeneli.

Ku Belgium, Lukas Pairon anayambitsa bungwe la Music Fund mu 2005. Limalandira zida zimene anthu a ku Ulaya apereka, limazikonza ndi kuzitumiza ku sukulu za nyimbo za ku Palestine, ku Kinshasa, ku Haiti ndi kwina, kuphatikizapo Escola Nacional de Música ya ku Maputo. Chimene chimasiyanitsa bungweli ndi ena n'chakuti limaphunzitsanso amisiri a m'maiko olandirawo kukonza zida ndi kutchuna piyano. Linazindikira kuti chida chopangidwira nyengo ya ku Ulaya chikafika kotentha ndi konyowa, guluu amasungunuka, thabwa limapindika, ndipo popanda wokonza mphatso imasanduka chinyalala chodula. Ku Brazil, gulu la NEOJIBA la ku Bahia linafika popanga mavayolini a mapaipi a pulasitiki. Ku Cateura m'dziko la Paraguay ana amaimba zida zopangidwa ndi zigubu za kudzala, mwa zina chifukwa vayolini yeniyeni ndi yodula kuposa nyumba imene mwanayo amagonamo, ndipo kumupatsa kuti apite nayo kwawo n'kumuitanira akuba. Mnyamata wa banjo wa ku Muloza sangadabwe ndi chilichonse mwa zimenezi.

M'Mozambique momwemo chitsanzo chachikulu ndi Xiquitsi, ntchito imene bungwe la Kulungwana linayambitsa ku Maputo mu 2013 motsogoleredwa ndi Eldevina Materula, wodziwika kuti Kika, woimba chitoliro cha oboe amene anaphunzira ndi kugwira ntchito ku Portugal. Ana ndi achinyamata amaphunzira vayolini, zida zina za nsambo ndi kwaya osalipira, mothandizana ndi aphunzitsi a NEOJIBA. Mu 2020 mayi Materula anasankhidwa kukhala nduna ya za chikhalidwe ndi zokopa alendo. Chaka chomwecho cha 2013, bungwe la Music Crossroads linatsegula sukulu za nyimbo ku Maputo, ku Harare ndi ku Lilongwe. Zonsezi ndi ntchito zabwino, koma ndi za m'mizinda ikuluikulu. Kuchokera ku Milange kupita ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500. Blantyre ili pa makilomita pafupifupi 100, koma kutsidya kwa malire.

Dzina loti Xiquitsi lili ndi kankhani kake. Ndi dzina la chida cha kum'mwera kwa Mozambique, kabokosi kafulati ka bango kapena udzu wolimba kokhala ndi njere m'kati. Ku Malawi chida chomwecho ndi chisekese, chimene amayi a kumpoto amaimbira gule wa visekese. Gulu loimba nyimbo za Mozart linadzitcha dzina la chida chimene mwana wa kalasi 4 angapange masana amodzi.

Khomo lachiwiri litatseguka

Chinenero cha mwana chinaloledwa m'kalasi patapita zaka 18 chilandirire ufulu. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la INDE linayesa ntchito ya PEBIMO, yophunzitsa m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza. Carol Benson, amene anaunika ntchitoyi, anapeza kuti ana ankayankhula ndi kufunsa momasuka kuposa anzawo a m'makalasi a Chipwitikizi chokha, ndipo atsikana ankapindula kwambiri. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba m'masukulu osankhidwa m'zigawo za dzikoli, ndipo ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2004 inabweretsa zinthu ziwiri zokhudza nkhani ino: phunziro la Educação Musical, ndi currículo local, gawo la 20 pa 100 la nthawi yophunzira loperekedwa ku nzeru za m'deralo. Kwa nthawi yoyamba lamulo linalola kuti chinenero ndi ng'oma zilowe pakhomo limodzi. Kunja nakonso zinthu zinasintha: mu 2005 UNESCO inalemekeza gule wamkulu ndi timbila za Achopi, ndipo mu 2014 inalemba tchopa wa Alomwe a kum'mwera kwa Malawi m'kaundula wake.

Papepala zili choncho. M'kalasi, phunziro la nyimbo limakonda kusanduka kukopera. Mphunzitsi amajambula mizere isanu pabolodi, amalemba pauta ndi clave de sol, ana amakopera, ndipo ola limatha popanda phokoso lililonse. Mwana yemweyo madzulo amakaomba chigubu pamasewera a anzake mosaphonya ngakhale kamodzi. Iye amadziwa kale chimene buku limatcha ritmo, koma sadziwa kuti n'chimenecho.

Zinenero ziwirizi sizigawa nyimbo mofanana, ndipo mphunzitsi wozindikira zimenezi ali ndi phunziro lathunthu m'manja. Chipwitikizi chimasiyanitsa cantar ndi tocar. M'Chichewa munthu amaimba nyimbo, amaimba gitala, amaimbanso ng'oma, ngakhale kuti angathenso kuiomba kapena kuiliza. Chichewa chili ndi mawu a woyambitsa nyimbo ndi ovomera, chili ndi nthungululu, chili ndi mayina a ng'oma iliyonse monga mbalule, mpanje ndi gunda, zimene buku la ku Maputo limangozitcha tambor kapena batuque. Ndiponso Chichewa chimakwera ndi kutsika: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana koma samveka mofanana. Mwana amene wamva kusiyana kumeneku pa mitengo iwiri ya limba wamvetsa chinthu chokhudza chinenero chake chimene zilembo sizionetsa. M'kalasi ya ku Milange, momwe ena kunyumba amayankhula Chilomwe kapena Chimarenje, kufunsa dzina la chida chimodzi m'zinenero zonse kumadzutsa ngakhale ana aja okhala chete kumbuyo.

Tsono nanga za kubwereketsa? Aphunzitsi a ku Mozambique ndi akatswiri pa ntchitoyi ngakhale saitchula choncho. Chaka chilichonse amagawa mabuku aulere a boma, ndipo ena mwa mabukuwo amabwezedwa kuti ena adzagwiritsenso ntchito. Amadziwa kulemba kaundula, amadziwa kuti ena adzabwera atang'ambika, ndipo palibe amene ananenapo kuti chifukwa cha zimenezo mabuku azitsekeredwa m'kabati. Masukulu ali kale m'magulu a ZIP, momwe magitala awiri kapena makiyibodi ochepa angathe kuzungulira m'malo mofera pa sukulu imodzi. Conselho de Escola ili ndi makolo amene amadziwa bwino mmisiri wa ng'oma wa m'mudzi ndiponso mnyamata wa kwaya wodziwa kumanga nsambo. Anthu amenewa ndiwo ongodzipereka a m'derali, ndipo nthawi zambiri sanapemphedwepo.

Vuto la kosungira ndi lenileni. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy analowera ku Quelimane n'kugwetsa makalasi m'Zambezia ndi kutsidya ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo zimene zinali m'makabati zinanyowa pamodzi ndi makabatiwo. Chiswe nachonso sichisankha kuti thabwa ili linachokera ku Belgium. Chida chimene chimatuluka sabata iliyonse chimaonedwa msanga chikayamba kufumbwa.

Donald Kachamba anamwalira mu Januwale 2001. Ku Singano, Moya Aliya Malamusi, amene ankaimba naye, anali atayamba kale kusonkhanitsa mabanjo, abangwe, malimba ndi zida zina za m'midzi ya kum'mwera kwa Malawi, ndi kujambula eni ake akufotokoza m'zinenero zawo mmene amazipangira. Achinyamata amene Donald anawaphunzitsa anapitiriza kuimba kwela pansi pa dzina lake, ndipo Kubik uja, amene anawapeza anyamata awiri aja mu 1967, anakhala mmodzi mwa oimba a gululo.